Ulendo wa ku Madzimoyo ndi a Mwale osapuma

Esnati anandiuza pa foni mosapita m'mbali: "Tionenji, ukapanda kudzandiyimbira pa ukwati wanga, nambala yanga uifufute." Sanaseke ayi. Anali ndi chifukwa chake: ku maliro a atate ake sindinapite, ndinali pa ntchito, ndipo tsiku limene azimayi anamuchitira phwando la ziwiya za kukhitchini ndinalinso pa ntchito. Ine ndi Esnati tinakulira limodzi ku Tamanda. Makolo athu anali aphunzitsi, nyumba zathu zoyang'anana. Kiyibodi ndinaiphunzira m'tchalitchi, iye ndiye ankandigwirira buku la nyimbo n'kumanditsina ndikalakwitsa. Tsono ukwati wake unali Loweruka, fotini awazi, ndiye kuti thuu koloko masana, ku Madzimoyo kumene amai ake anakakhala atapuma pa ntchito, ine ndili ku Lusaka.

Ku Lusakako ndinali pa maphunziro. Unamwino ndinali nditaugwira zaka zingapo, koma chaka chimenecho anatitumiza kukaphunzira za odwala mwadzidzidzi: ovulala pa ngozi, okomoka, ndi amene mtima waima. Lachisanu tinaweruka mochedwa, ndipo mabasi akutali sayenda usiku, ndiye chondithandiza chinali basi yoyamba ya Loweruka m'mamawa. Ndinawerengera kuti ikanyamuka faifi koloko, ndikatsika pa Madzimoyo cha m'ma setini awazi, n'kutsala ndi ola lathunthu losambira ndi kuvala. Awo anali mawerengedwe a munthu woiwala msewu wa kwawo.

Panalinso vuto lina. Lolemba m'mawa ndinali ndi mayeso obwereza. Mphunzitsi wathu, Mayi Sakala, anali atandigwetsa koyamba pa nkhani yodinikiza pachifuwa munthu amene mtima wake waima. "Iwe Tionenji," anatero pamaso pa kalasi yonse, "ukudzutsa munthu kapena ukusisita mphaka?" Tinkaphunzirira pa chidole cha pulasitiki chachikulu ngati munthu, mutu ndi chifuwa basi, chopanda manja ndi miyendo. Ukadinikiza mokwanira chimalira kuti tcha! Kwa ine chinali chisanalirepo. Kalasi yathu tinachitcha a Mwale, ndipo tinkachipatsa ulemu ngati akulu a mpingo. Ndinaona kuti masiku awiri osawagwira a Mwale ndiye kuti Lolemba ndagwanso. Lachisanu lija, anzanga akutuluka, ndinawakulunga m'chitenje n'kudzera nawo khomo la kumbuyo. Sindinapemphe, yankho lake ndinkalidziwa kale.

Pa siteshoni kondakitala anangoti kuona katundu wanga, anati, "Sisita, vonse ivi pansi." Ndinasuzumira pansi pa basipo. Munali matumba a simenti, tayala lakutha ndi zidebe za penti. Ndinamuuza kuti kiyibodi yanga ikalowa mmenemo ndiye nanenso andigoneke momwemo. Tinakangana mpaka anatopa. Anati kiyibodi ndiimike pakati pa miyendo, chinacho ndiike pa mpando wa pawindo, koma mwini mpando akakwera pa Chongwe ndidziwe chochita. Ndinawakhazika a Mwale pawindo, n'kuwafunditsa chitenje mpaka m'chibwano. Unali mwezi wozizira, ndiye ndinawavekanso chipewa changa chaubweya, n'kuchitsitsira kumaso. Ankaoneka ngati nkhalamba yotopa ndi ulendo usanayambe n'komwe.

Faifi koloko inakwana, injini ikulira, dalaivala kulibe. Tinanyamuka sikisi itadutsa. Basi ikutuluka pa geti, mlaliki wina wa jekete lonyezimira anaimirira pakati n'kuyamba kutiikiza m'manja mwa Mulungu. Atafika pa mpando wathu anaima, n'kuwayang'ana a Mwale mwachifundo.

"Amai, awa ndi odwala?"

"Eya, abusa."

"Chikuwavuta n'chiyani?"

"Sapuma," ndinatero.

Bodza sindinanene. Mlaliki anasanjika dzanja limodzi pa chipewa, lina pachifuwa, n'kutseka maso. Anadzudzula mzimu wa kubanika, anaulamula kuti utuluke usanafike pa Chongwe. Pemphero litafika pa moto, anakankha pachifuwa paja mwamphamvu, a Mwale n'kuyankha kuti tcha! Chitenje chinatsetsereka, pakaoneka nkhope yotuwa, kukamwa kuli yasa. Munthu uja analumpha chafutambuyo n'kukakhala pamiyendo ya mayi wina wa mpando wa kutsidya. Basi yonse inafa ndi phwete. Chondipweteka ine chinali choti mlaliki wadutsa mayeso anga kamodzi n'kamodzi. Iye atabwerera m'maganizo anasekanso, n'kundiloza chala: "Mwana iwe, Mulungu akukhululukire. Ine ndiyamba ndaganizapo kaye."

Amene sanaseke anali anthu awiri a mpando wa kutsogolo kwathu, bambo wa suti ndi tayi, ndi mayi ake a kunyumba amene anagwirizira ambulera yakuda ngati ndodo ya ufumu. Bamboyo anatembenuka, n'kudzitchula kuti ndi a Daka, mphunzitsi wamkulu wopuma, wa ku Katete.

"Ndinu mwana wa yani, inu?"

"Wa a Phiri, atate, amene ankaphunzitsa ku Tamanda."

"Mwana wa mphunzitsi n'kumaseweretsa pemphero! Dziko latha."

Kuyambira pamenepo a Daka sanatseke pakamwa. Anandiuza kuti iwo anaphunzitsa ana chithandizo choyamba ine ndisanabadwe, opanda zidole. Anati anamwino akale ankamva matenda ndi maso okha, a masiku ano amafunsa kaye foni. Akazi awo ankangogwedeza mutu, ambulera n'kumavomera nawo pansi, go, go.

Pa Chongwe mwini mpando anakweradi, ndiye ndinasowa powaika a Mwale. Mayi uja anakhaliridwa ndi mlaliki anatambasula manja. Anali mayi wathupi, wogulitsa zitenje mu msika wa ku Chipata, ndipo anati tizimutchula Amake Fostina.

"Bweretsani kuno, asisi. Mwamuna wofatsa chonchi ndakhala ndikumufuna kalekale. Samwa, sayankha, sayenda."

Anawafukata ngati mwana mpaka pa Rufunsa, akuwafotokozera mitengo ya zitenje ndi makhalidwe a mwamuna wake woyamba.

Pa Luangwa tinafika teni koloko itapitirira. Kuzizira konse kunatsala ku Lusaka, apa dzuwa linali lowotcha, fungo la nsomba zouma lili ponseponse. Kondakitala anati mphindi khumi zokha. Mphindi khumizo zinabereka ana, chifukwa bambo wina anasowa, ndipo anamupeza kuseri kwa mabenchi akunenerera mlamba umodzi ngati akugula ng'ombe. Ine ndinangokhala m'basi ndi botolo la madzi, maso pa wochi. A Daka anabwera ndi nyama yambuzi yootcha yokulunga mu nyuzipepala, n'kunena kuti adya bwino tikakwera mapiri, chifukwa munthu wophunzira sadyera pa fumbi.

Titawoloka mlatho ndinayamba kudzilimbitsa mtima. Ukwati wa kwathu suyamba pa nthawi yake, ola limodzi limakhululukidwa. Koma tisanafike pa Kacholola, pa chikweza china chokhota, tinapeza mzere wa magalimoto utaima. Lole yonyamula feteleza inalephera phiri, inabwerera m'mbuyo n'kupingasa msewu wonse. Palibe anavulala. Dalaivala wake anakhala pa mwala akudya chimanga chootcha ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Anati akudikira lole inzake idzamukoke. Ndinatulutsa foni kuti ndimuuze Esnati, koma m'mapiri mmenemo foni imasanduka galasi lodziyang'anira.

Ndinayendayenda, ndinakhala, ndinaimirira. Kenako ndinati m'malo mopenga, bola ndigwire ntchito imene ndinawabera a Mwale. Ndinayala chitenje pansi pa mtengo, n'kuwagoneka chagada, ine n'kugwada. Kudinikiza kuja kumafuna liwiro lake, ndiye ndinkawerenga ndi nyimbo imene ndinakonzera Esnati yolowera m'tchalitchi, koma ndikuithamangitsa. Anthu osowa chochita sachedwa. Posakhalitsa ndinazingidwa ndi a m'basi yathu, a m'mabasi ena, ndi madalaivala a malole. Ena ankajambula ndi mafoni. Ndinadinikiza makumi atatu, thukuta kamukamu, a Mwale ali chete.

Amake Fostina anandiyang'ana ataika manja m'chiuno.

"Asisi, kwanu munasinjapo?"

"Kalekale, amai."

"Zikuoneka. Inu mukukankha ndi timanja ngati mukukanda ufa wa mandazi. Munsi sutsika ndi manja, umatsika ndi msana. Wongolani zigongonozo, thupi lonse ligwere pamenepo."

Mayi Sakala anali atandiuza zomwezo kambirimbiri m'Chizungu cha m'mabuku, osalowa. Ndinawongola zigongono, n'kudzigwetsera. Tcha! Ndinabwereza. Tcha! Tcha! Tcha! Azimayi anayamba kuwomba m'manja motsatira, wina n'kuimba nthungululu. Kenaka aliyense anafuna kuyesa. Ndinasanduka mphunzitsi wa pansi pa mtengo, ndikuwaonetsa poika manja, ndikuwauza kuti ayambe aitana munthuyo ndi kuona ngati akupuma. Dalaivala wina wa lole anadinikiza mpaka ndinachita kumugwira, kuopa kubweza a Mwale ali zidutswa.

A Daka anaima kumbuyo kwa gulu, nyuzipepala ija ili m'manja, akudya uku akuphunzitsa.

"Zonsezi n'zoseweretsa ana. Munthu weniweni salira kuti tcha. Ife m'nthawi yathu, munthu akagwa, choyamba tinka..."

Anathera pomwepo. Ndinazindikira msanga chifukwa kuchokera ku Lusaka aka kanali koyamba kuti mawu awo asamveke. Nditadzutsa mutu ndinaona nyuzipepala ili pansi, manja onse awiri ali pakhosi, maso atatuluka. Akazi awo ankawagogoda pa liwombo n'kumati, "Mezani, a Daka, mezani!" Wina anathamangira madzi.

Ndinene zoona, ndinayamba ndachita mantha. M'chipatala ukakhala ndi wodwala pamakhala anzako, madokotala, zipangizo. Apa panali ine, fumbi, ndi maso a anthu amene ndangowanamiza kumene kuti ndimadziwa. Sindikumbuka kuimirira kwake, ndimangokumbuka ndili patsogolo pawo.

"Atate, mwatsamwa? Tsokomolani!"

Anayesa, osatuluka ngakhale kampweya. Milomo inayamba kuda. Ndinakankha dzanja la munthu wa madzi uja, n'kuwaweramitsa a Daka, n'kuwamenya pakati pa mapewa ndi chikhatho. Kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Palibe. Chotsala chinali chimodzi. Ndinapita kumbuyo kwawo, n'kuwakumbatira m'chiuno, chibakera pamwamba pa mchombo, n'kukoka chokweza ndi mphamvu zanga zonse.

Apo ndi pamene ambulera inanditera pamsana.

"Mwana wopanda mwambo iwe! Masana ano? Pamaso panga? Asiye amuna anga!"

Inatera kachiwiri, pa phewa. Ndinakokanso. Ndinamva Amake Fostina akukuwa, "Amai, akuwapulumutsa! Mukufuna umasiye?" kenaka phokoso la anthu awiri olimbirana ambulera. Kukoka kwachitatu a Daka ananyamuka pang'ono, nsapato zinasiya pansi. Kachinayi, chinthuli cha nyama chinatuluka n'kukagwa pa fumbi, ndipo anakoka mpweya ndi mkokomo ngati pampu ya pa chitsime.

Ndinawakhazika pansi, n'kumasula tayi. Anatsokomola nthawi yaitali, misozi ikutsika. Mayi Daka anagwada pambali pawo, akuwapukuta kukamwa ndi mpango. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Mwana wanga, ndakumenya."

"Palibe kanthu, amai."

"Ayi, ndakumenya kawiri. Mwana wa eni ake."

Ndinawasiya, n'kuzungulira kuseri kwa basi. Kumeneko ndinakhala pansi n'kusanza madzi onse ndinamwa pa Luangwa. Amake Fostina anandipeza komweko. Anandipatsa kansalu konyowa n'kuima mondibisa kwa anthu.

Msewu unatsegulidwa thwelofu itadutsa kale. M'basi ndinawauza a Daka kuti munthu akakokedwa pamimba chomwecho ayenera kukaonedwa kuchipatala, ndiye atsike pa Nyimba. Mawu anali atabwerera, ngakhale osasa. Anati iwo ali bwino, thupi lawo amalidziwa, ndiponso nyamayo inali itatsala pang'ono kutsika yokha.

"A Daka," anatero akazi awo, "lero mwalankhula zokwanira. Titsika pa Nyimba."

Anatsikadi. A Daka ali pa khomo anatembenuka, n'kuvula chipewa. "Mukapereke moni kwa a Phiri. Mukawauze kuti analera." Mayi Daka anandiponyera phava la nthochi pa windo, osayang'ana kumaso kwanga.

Pa Nyimba pomwepo foni inadzuka, n'kuyamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Ndisanawerenge n'komwe mauthenga, Esnati anaimba. Nthawi inali itadutsa setini awazi.

"Uli pati?"

Apa ndinachita zimene aliyense wa pa msewu uwu anachitapo. "Tangodutsa pa Katete, mnzanga. Ndatsala pang'ono."

Mayi wina wogulitsa anakweza lichero pa windo langa lenilenilo, n'kukuwa ndi mawu onse amene Mulungu anamupatsa: "Nthochi! Nthochi zokoma za pa Nyimba pano!"



"Tionenji, pa Katete ayamba liti kugulitsa Nyimba?"

"Esnati, tamvera, panali lole, ndiye munthu wina..."

Anadula.

Kuchoka pa Nyimba kukafika pa mphambano ya ku Petauke ndinkangoganiza za Esnati. Ndinatsamira kiyibodi n'kumalira mwakachetechete. Kutsogolo kunali maola atatu, ndipo ngakhale ukwati wochedwa bwanji sungadikire woyimba mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkaona kwaya ikumulowetsa ndi manja okha, iye akuyang'ana pa ngodya pamene ndikanakhala ine.

Amake Fostina ndiye anakana kugonja. Nkhani anali ataimva yonse, ndiye anaifalitsa basi yonse. Aliyense wotsika ankathamangitsidwa. "Fulumirani, atate, tili ndi ukwati muno!" Bambo wa mlamba uja atapempha kuti akataye madzi pa mphambano, basi yonse inamuwerengera mokweza mpaka anabwera akumanga lamba m'njira. Tikuyandikira Sinda, anandiuza kuti ndivaliretu.

"Ndivalire kuti, amai?"

"Muno. Nanga zitenje ndimagulitsazi n'zantchito yanji?"

Anamasula mtolo wake, azimayi anayi anaimirira n'kutchinga mpando wakumbuyo ndi zitenje zatsopano, amuna onse analamulidwa kuyang'ana kwa dalaivala. Kuvala diresi yothina m'basi yodumpha mabampu ndi mayeso ena amene sukulu siphunzitsa. Zipi anakoka ndi anthu awiri. Kumaso ndinasamba ndi madzi a m'botolo, wina anandibwereka mafuta, wina chipeso. Nditatuluka m'chinsalumo, kondakitala yemwe uja anaimba mluzu, n'kulandira chibakera cha Amake Fostina pamsana.

Pa Katete panalowa uthenga. Ndinaganiza kuti ndi Esnati, koma anali Mayi Sakala. Kanema wa pansi pa mtengo uja anali atayenda kale pa mafoni mpaka kukafika ku Lusaka ine ndisanafike kwathu. Analemba kuti: "Ndaona a Mwale ali pa ulendo wa kum'mawa. Zigongono zawongoka, ndayamika. Lolemba ubwere nawo ali osamba, ubwerenso ndi kalata yofotokoza amene anakupatsa chilolezo." Ndinawerenga kawiri, osadziwa ngati ndiseke kapena ndiyambiretu kulemba kalatayo. Ndinailemba Lamlungu, masamba awiri, ndipo chilango chake chinali kutsuka zidole zonse za sukulu mwezi wathunthu. Koma izo n'zam'tsogolo.

Pa Madzimoyo ndinatsika sikisitini awazi itapitirira. Amake Fostina anawapsompsona a Mwale pachipumi, n'kundiuza kuti ndikadzafika mu msika ndidzafunse dzina lake, aliyense amudziwa. Tchalitchi chili patali pang'ono ndi msewu waukulu, ndiye ndinatenga njinga zamoto ziwiri. Ine ndinakwera imodzi nditapingasa kiyibodi pamiyendo, inayo inanyamula chikwama ndi a Mwale, atawamanga ndi mphira kumsana kwa woyendetsa. Anthu a m'njira ankaima kutiyang'ana, ena n'kuvula zipewa.

Ndinkayembekeza kukumana ndi anthu akutuluka, mpunga uli m'mutu mwa akwati. Koma pa tchalitchi ndinapeza anthu atakhala m'magulumagulu pansi pa mitengo, opanda nyimbo. Dalitso, mkwati, ankayendayenda pa khonde atagwira m'mutu. Abusa anaima pa khomo akuyang'ana wochi. Mayi wina atandiona anathamanga, nsalu ili m'manja.

"Anamwino aja afika! Bwerani msanga, mkwatibwi wakomoka!"

Kiyibodi ndinangomusiyira wa njinga, n'kuvula nsapato, n'kuthamanga. M'njira mayiyo ankandiuza mobanika kuti anthu anadikira mpaka fifitini awazi, abusa n'kunena kuti basi tiyambe. Esnati atangoimirira kuti azilowa, anagwa. Akatsitsimuka pang'ono, wina n'kutchula zolowa m'tchalitchi, ankagwanso. Akatchula za galimoto yopita kuchipatala ku Chipata, ankatsegula maso n'kukana, ati kukungofunika kupuma.

Anamugoneka m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi. Munadzaza azakhali ndi anankungwi, wina akumupepesa ndi chivundikiro cha poto, wina akupemphera, ndipo chipinda chonse chinkanunkha anyezi. Amai ake a Esnati anakhala pa mpando chakumutu, atagwira kambale ka anyezi wodula, nkhope ili phee. Esnati anagona pa mkeka, maso otseka, diresi yoyera itayalidwa bwinobwino mbali zonse.

Ndinagwada n'kumugwira pa mkono. Mtima unkagunda bwino kuposa wanga. Khungu lofunda, mpweya uli m'malo mwake. Ndinakweza chikope chimodzi ndi chala. Diso linandiyang'ana ndithu, mwaukali.

"Tulukani nonse," ndinatero ndi mawu a kuchipatala. "Wodwala akufuna mpweya. Wina akakonze madzi a shuga."

Anatuluka akukankhana, amai ake pomalizira. Chitseko chitangotsekeka, Esnati anatsegula maso onse awiri.

"Galu iwe. Ola ndi theka ndagona pano. Khosi lauma, andinunkhitsa anyezi mpaka m'maso mukuwotcha, azakhali anafuna kundithira ndowa ya madzi pa tsitsi limene ndakhalira maola anayi."

"Esnati, ndimayesa wafa!"

"Ukanachedwa pang'ono ndikanafadi, ndi njala."

"Nanga Dalitso? Munthu akuvutika panjapa."

"Ameneyo? Ndiye anandiuza kuti ndigwere kumanzere, kumene kunali mkeka."

Ndinaseka, koma kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ndinagwetsa mutu pa phewa lake. Ndinayamba kupepesa za lole, za maliro a atate ake, za zonse. Anandikankha.

"Usandidetsere diresi. Nkhani zako undiuza mawa. Tsopano undidzutse mwaulemu, anthu aone kuti sukulu yakoyo ili ndi ntchito."

Ndinatsegula chitseko, n'kuitana madzi a shuga. Ndinamukweza miyendo pa pilo, ndinamuwerenga kugunda kwa mtima ndikuyang'ana wochi ndi nkhope yoopsa, ndinamumwetsa pang'onopang'ono. Esnati anaphethira, anafunsa ndi mawu ofooka kuti ali kuti, kenaka anaimirira. Nthungululu inamveka mpaka ku msewu. Azakhali ena anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti maphunziro ndi chinthu china.

Ndikuthamangira kukalumikiza kiyibodi, amai ake a Esnati anandikodola. Ananditengera nsapato zanga zimene ndinataya pa bwalo, ndipo anayenda nane mpaka pa khomo la m'mbali.

"Tionenji, mwana wanga, ine ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse. Okomoka pa mzere wa m'mawa ndawaona ambiri. Sindinaonepo wokomoka amene amayamba wayala diresi."

Ndinaima, mwendo umodzi uli mu nsapato. "Ndiye munadziwa, amai?"

"Ndinamubala ndine ameneyu. Nanga ukuganiza anyezi uja anaitanitsa ndani? Abusa akhala ndi njala chifukwa cha inu awiri, ndiye wina anayenera kulipa. Lowa ukayimbe."

Ndinakhala pa ngodya yanga, phewa likuwawa pamene panatera ambulera. Ndinayamba nyimbo ija, ulendo uno pa liwiro lake lenileni, pang'onopang'ono. Anthu anaimirira. Esnati analowa atagwira mkono wa amalume ake, ndipo podutsa pafupi nane fungo la anyezi linandipeza kaye iye asanafike. Maso ake anali psuu, misozi ikungoyenderera pansi pa velo. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake:

"Taonani mmene akulirira mwanayu. Chikondi chenicheni chimenecho."